Mayamiko Amene Anachotsa Ada Mhone Pasukulu

Phokosolo linayamba mudzi wonse utagona. Go, go, go. Kenaka zii. Go, go.

Idesi anadzidzimuka n'kuyamba wapapasa pamphasa. Mwana wake Watipaso analipo, ali m'tulo tofa nato, kadzanja kali pakhosi pake monga anazolowerera miyezi imeneyi. Iyeyo phokosolo silikanamudzutsa. Ngakhale mphezi ikanagwa pakhonde, mwanayo sakanatembenuka n'komwe.

Sikunali kugogoda kwa mlendo pachitseko. Kunkachokera kumunsi, kumchenga, ndipo aliyense wobadwira ku Chintheche amakudziwa kulira kumeneko: msomali ukulowa pachidutswa cha lata, pansi pake pali mtengo wamphako. Wina ankaika chigamba pabwato. Koma asodzi amakhoma mabwato awo dzuwa likuswa mtengo, akusereulana ndi kunamizana za nsomba zimene zinawapulumuka. Wokhoma usiku ndi munthu wosafuna kufunsidwa. Ndipo mbali imeneyo kunali bwato limodzi lokha losowa zigamba, lija la m'kachisakasa kuseri kwa nyumba ya Ada Mhone, limene silinalawe madzi kuyambira Idesi akadali kumsana kwa mayi ake.

Idesi anakhala tsonga mumdimamo. Ngati Asambizi akubwerera kunyanja, ndiye kuti za sukulu zatheratu. Nanga mwana uyu amuphunzitsa kulankhula ndani?

Ada Zacharia Mhone anali munthu wamtali, wowonda, woyenda mosapupuluma. Jekete anali nalo limodzi, la manja aafupi kuposa mikono yawo, koma sankatuluka m'nyumba lisanasitidwe. Ankati munthu wa kuno angagone ndi njala, koma osati kuyenda ndi makwinya pamalaya. Dzina loti Zacharia linkamveka kutchalitchi kokha. Kwina konse, kumsika, pasiteji ya minibasi, kumaliro, anali Asambizi, ndiye kuti aphunzitsi m'Chitonga.

Sanabadwire choko. Anakulira pankhafi, iwo ndi mng'ono wawo Jeremiah, amene anabadwa wosamva. Panyanja usiku zizindikiro za manja sizioneka, choncho awiriwo anapangana zawozawo. Zacharia ankagogoda ndi nkhafi m'mbali mwa bwato, Jeremiah n'kumva kunjenjemerako m'mapazi. Kugogoda kwina kunkatanthauza kuti koka, kwina kuti leka, kwina kuti mwera ukubwera, tithawe. Masana Zacharia ankapita kusekondale, usiku kunyanja, mpaka anafika Fomu 4 ndevu zitamera kale.

Nyengo ya mayeso anakagona ku Nkhata Bay kwa achibale, kuti akhale pafupi ndi kolembera. Jeremiah sanafune kuti pakhomo pakhale popanda ndiwo, ndipo analowa m'madzi yekha. Mwera utadzuka, asodzi anzake anakuwa mpaka mawu kusasa, akupalasa kuthawira kumtunda. Womugogodera panalibe. Bwato linapezeka m'mawa pamiyala cha ku Makuzi lili ndi ming'alu iwiri. Mwini wake nyanja inamubweza patapita masiku. Zacharia anabwera kudzaika mng'ono wake, ndipo mayeso otsalawo sanakalembe. Bwatolo analikokera kumtunda nalimangira kachisakasa. Chaka ndi chaka ankalipaka oyilo wakutha kuti chiswe chisalidye, koma m'madzi ayi.

Chaka chotsatira akulu a mpingo anawapempha kuti akathandize teremu imodzi yokha pa kasukulu ka kumtunda kwa msewu, pomwe mphunzitsi wa Sitandade 1 anachoka osatsanzika. Teremu imodziyo ndi imene inakhala zaka zoposa makumi awiri. Boma silinkawadziwa. Ankawadziwa ndi makolo: uyu chidebe cha ufa wa kondowole, uyu mbale ya usipa, wochokera ku Limphasa kampunga pang'ono. Ana amafika ku Sitandade 1 ndi Chitonga chokha, pamene mabuku ali m'Chichewa, ndipo Asambizi ankawaolotsa mmodzimmodzi ngati munthu woolotsa mbuzi pamtsinje wodzaza.

Kangapo konse anauza komiti ya makolo kuti akufuna akamalize mayeso aja, apite kukoleji. Yankho linali lomwelomwelo.

"Asambizi, ingodikirani chaka chino chithe. Ana awa tiwasiyira yani?"

Ankadikira. Chaka chinkatha, ana ena n'kubwera ndi mamina awo, pempho n'kubweranso. Palibe amene ankawafunira zoipa. Ankawakonda, ndipo chikondicho n'chimene chinawamangirira pamalo amodzi mpaka imvi kubuka.

Idesi nayenso anadutsa m'manja mwawo. Anafika Fomu 3, mimba inamuimitsa, anakwatiwa ndi Felix, ndipo Felix anapita ku Joni kukafuna ntchito, kumene foni yake imagwira mwezi uno, mwezi wamawa ayi. Watipaso ali ndi zaka zitatu anadwala malungo aja ogwira mutu. Anatuluka m'chipatala ali moyo, koma akamuitana sankacheuka. Timawu timene anali atayamba kutola tinayamba kugwa pang'onopang'ono, mpaka ngakhale "Ama", liwu loitanira mayi, linasowa.

Kuyambira pamenepo Idesi anasanduka munthu wa maso. Minibasi ankaiona isanatulukire pakona. Nkhope za anthu ankaziwerenga asanatsegule pakamwa. Msewu waukulu unkadutsa pakati pa nyumba yake ndi sukulu, ndipo kwa Watipaso hutala inali ngati palibe. Achipatala anatchulapo za sukulu ya ana osamva, yogonera komweko, ulendo wa tsiku lathunthu. Idesi anangoti wamva. Mwana wosatha kunena kuti wina wandimenya, kapena kuti ndikumva kuzizira, ukamusiye m'manja mwa anthu osawadziwa?

Tsiku limene anapita naye kusukulu ya pamtunda, anaima kunja kwa kalasi ndi manyazi. Ada Mhone anatuluka akusasa choko m'manja, namuitana ndi dzina la chiwongo chake.

"Nyalongwe, waima ngati wabwera kudzapempha mchere. Mwanayu ndi wako?"

"Ndi wanga, Ada. Koma samva."

Sananene kuti pepa. Anazungulira kumbuyo kwa mwanayo, naponda pakhonde la simenti ndi chidendene, mwamphamvu. Watipaso anacheuka.

"Akumva," anatero Asambizi. "Makutu okha ndi amene anapita kutchuthi. Mawa abwere ndi kapu ya phala."

Anamukhazika kutsogolo, pafupi ndi mapazi awo. Ana ena akatuluka, ankatsala naye pansi pa mtengo wa mango. Ankatenga kadzanja kake n'kukaika pakhosi pawo, n'kutulutsa liwu lalitali, kenaka n'kukabweza pakhosi pa mwanayo kuti afunefune kunjenjemera komweko. M'thumba la jekete ankasunga nthenga ya nkhuku, imene ankaigwira patsogolo pa milomo kuti mwanayo aone mawu amene amaigwedeza ndi amene saigwedeza. Poweruka ankamuolotsa okha msewu, atamugwira pamkono, mpaka pamene Idesi ankadikira.

Patapita miyezi, Watipaso anayang'ana kapu yake n'kunena ndi liwu lokhuthala, lopendekeka: "Pha-la." Idesi analira mpaka nsonga ya chitenje kunyowa.

"Ukuliranji?" anafunsa Asambizi. "Mwana wako ndi wochenjera, wayambira pa zofunika. Iwe udzabwera pambuyo."

Mawu ena anabweradi: buku, choko, pita. Koma "Ama" ankakanabe. Asambizi ankati liwu limenelo limadutsira m'mphuno, ndipo njira ya m'mphuno ndi yovuta kuisonyeza, koma afika.

Nkhani ya malaisensi inafika pasukulupo ngati mphepo yoyambira kutali. Aphunzitsi ankaikamba pa nthawi yopuma: aliyense woima kutsogolo kwa ana alembetse, aonetse satifiketi ya Fomu 4 ndi ya kukoleji, alandire laisensi, ndipo ikatha nthawi yake akaikonzetsenso atasonyeza kuti wakhala akupita kumaphunziro oonjezera. Ena ankadandaula za mtunda wopita kumaphunzirowo. Wina ankati mapepala ake anadyedwa ndi chiswe m'sutikesi. Ada Mhone ankangosongola mapensulo a ana ndi lezala. Iwo analibe choti chiswe chidye.

Ahedi, Mayi Gondwe, anali munthu wachifundo koma wamantha. Uthenga utabwera woti alendo a zamaphunziro adzayendera sukulu, anawaitanira Ada Mhone pambali. Anagwirizana kuti tsikulo adzakhale pakati pa makolo ngati kholo wamba, ana awo agawidwe m'makalasi ena, ndipo alendo akapita zonse zibwerere mwakale. Izi Idesi anazimva pambuyo pake. Ahedi sanauze komiti, poona kuti ndi nkhani yochititsa manyazi munthu wamkulu.

Komiti nayo inali ndi zake zimene sinauze ahedi. Wapampando, Ada Mackson Thole, mkulu wa mpingo wodziwa kulankhula, anati boma likabwera lokha pakhomo sulisiya lipite lisanamve. Kuno mlendo wolemekezeka salandiridwa chimanjamanja. Pamakhala gule wa malipenga, ndipo akatha, munthu amene wagwira ntchito amayamikiridwa pamaso pake ndi pamaso pa anthu, osabisa kanthu, chifukwa kubisa ntchito ya mnzako ndi nsanje. Makolo anagwirizana kuti alendo akamva zaka za Asambizi ndi momwe avutikira, awalemba ntchito ndithu, mwinanso ndi penshoni yomwe.

Tsikulo abambo a malipenga anabwera atavala makabudula oyera ndi masokosi ofika m'mawondo, akuguba mosamala ngati fumbi lingawadetse. Ng'oma yaikulu itagunda, Watipaso anaika manja pachifuwa n'kuseka. Idesi anali m'gulu la amayi ophikira alendo, ndipo anaima pamalo oona nkhope zonse. Alendo anali awiri, bambo wachinyamata ndi mayi wachikulire wa magalasi, amene ankaomba m'manja mokondwa ndithu.

Ada Thole anatenga chimkuzamawu.

"Alendo athu, mwaona ana, mwaona makalasi. Koma chuma chathu sitinakuonetseni. Asambizi, taimirirani."

Ada Mhone sanasunthe. Ahedi anatsokomola.

"Taimirirani, Ada, lero si tsiku la manyazi. Bambo awa, alendo athu, aphunzitsa Sitandade 1 zaka zoposa makumi awiri. Ena mwa ovina mwawaonawa ndi ana awo a sukulu. Kukoleji sanapondeko. Ya Fomu 4 alibe. Pepala lililonse alibe, ngakhale lokulungira usipa. Koma funsani mwana aliyense pano amene anamugwira dzanja polemba."

Anthu anaseka, amayi anaimba nthungululu, ng'oma inagunda. Ahedi anatsokomolanso, mpaka wina anawathamangira ndi kapu ya madzi. Pa anthu onsewo, ndi Idesi yekha amene ankayang'ana mayi wa magalasi uja. Anaona manja ake ataima m'malere osakumananso, kenaka akutsikira pamiyendo pang'onopang'ono. Idesi anayang'ana Ada Mhone. Anali ataimirira tsopano, atamanga batani la jekete, maso ali pansi ngati munthu amene akumuwerengera chigamulo.

Pokapereka madzi osamba m'manja muofesi, Idesi anamva mayiyo akulankhula motsitsa mawu.

"Mayi Gondwe, mukanandidutsitsa, ine ndikanadutsa. Maso ndili nawo, koma ndimadziwanso poyang'ana. Tsono anena pa chimkuzamawu, pamaso pa mnzangayu ndi mudzi wonse. Ndikalembe kuti sindinamve? Nanga laisensi yanu inuyo ikadzafika poikonzetsanso, mudzayankha chiyani?"

Nsomba ya batala imene amayi anaikazinga mwaluso inabwerera kukhitchini itangotsinidwa mbali imodzi. Kunja malipenga anali akulirabe, ndipo Ada Thole ankalandira moni wa anthu owayamikira kuti alankhula ngati m'busa.

Sabata yotsatira ahedi anawauza Ada Mhone, misozi ili m'maso, kuti asalowenso m'kalasi. Njira ilipo, anatero: akalembe Fomu 4, apite kukoleji, akalembetse. Onse awiri ankadziwa kuti pomaliza zonsezo, msinkhu udzakhala utawapitirira kale.

Ada Thole anapita kunyumba kwa Ada Mhone chipewa chili m'manja. Idesi anali pomwepo, atabweretsa ufa.

"Ada, ife timati tikukukwezani."

"Mwandikwezadi. Mawu aja anali abwino, Ada Thole. Muwasunge, mudzawanenenso pamaliro anga. Kumeneko sachotsa munthu ntchito."

Anaseka okha. Ada Thole anangoyang'ana m'chipewa chawo.

M'malo mwawo munabwera mphunzitsi wachitsikana wa ku Dedza, wa mapepala onse, dzina lake Jackie. Anali wakhama, ankayesetsa kutola Chitonga mpaka ana kumuseka, ndipo Watipaso anamusiya kutsogolo komweko. Koma ana anali odzaza mpaka pakhomo. Tsiku lina Jackie anamuimitsa Idesi poweruka.

"Amayi a Wati, sindifuna kukunamizani. Za ana osamva tinangozidutsa pang'ono kukoleji. Ndikati ndimuyang'ane iyeyu, kumbuyoku ayamba kumenyana."

Idesi anathokoza. Tsopano anali iye mwini womuolotsa mwanayo msewu, m'mawa ndi masana, atamugwira mpaka zala kusiya zizindikiro pamkono. Akafika kunyumba, Watipaso ankakhala pakhonde, kadzanja pakhosi, osatulutsa kanthu. Sabata yomweyo anayang'ana buku, natsegula pakamwa, n'kutsekanso. Mawu anali atayambanso kugwa.

N'chifukwa chake kutacha, pambuyo pa usiku wa kugogoda uja, Idesi sanasese n'komwe pabwalo. Anamuveka mwana n'kutsetsereka naye kumchenga.

Bwato linali litatuluka m'kachisakasa, litavundikira pamitengo iwiri. Mng'alu umodzi unali utatsekedwa ndi lata la chitini cha mafuta ophikira, wina ukadali yasa. Ada Mhone anali chogwada pambali pake, atavala kabudula ndi malaya ong'ambika paphewa. Idesi anali asanawaonepo opanda jekete. Anaoneka ochepa.

"Mwayuka uli, Ada?" Idesi anapereka moni m'Chitonga.

"Ndayuka, Nyalongwe. Ndakusokonezera tulo."

"Mukubwerera m'madzi?"

"Ufa wa makolo unali wa mphunzitsi. Ndikapitiriza kuulandira, ndiye kuti ndikupemphetsa." Anatola msomali pamchenga naupukuta. "Ana a Ada Thole ali ndi ukonde wa usipa, akusowa munthu wa bwato la nyali. Bambo awo awatuma kwa ine. Ndavomera."

"Zaka zonsezi, Ada. Ndipo mwera wayamba."

"Mwera ndimaudziwa."

Watipaso anali atafika kale pabwato. Anaika zikhatho zonse ziwiri pamimba pake. Ada Mhone anamuyang'ana, nagogoda pang'ono ndi hamala. Mwanayo anaseka, nayankha ndi kankhonya kake.

Idesi anagwada pamchenga. Mawu amene anawakonza usiku wonse anatuluka osalongosoka.

"Nanga uyu? Buku waiwala, Ada. Mawa aiwala phala. Ine mwana wanga chidwalire sanandiitanebe. Kapena ndingomutumiza kuja, kusukulu yogonera kuja? Ndiuzeni inuyo, ine mutu waima."

"Kuja kuli anthu amene anaphunzira zimene ine ndinangotola m'bwato. Tsiku lina adzayenera kupita, usadzinamize. Koma apite akutha kunena kuti ndikumva kuwawa, akutha kukuitana iweyo. Si zimene ukuopa?"

Idesi anavomera ndi mutu.

"Ndiye muzimuphunzitsa kuno, m'mawa mukabwerako?"

"Ayi."

Yankholo linamugwera ngati mwala. Ada Mhone anaika hamala pansi.

"Jeremiah ankamva ine ndekha. Tsiku limene ndinachokapo, panyanja panali anthu ambirimbiri, koma wodziwa kugogoda panalibe. Mwana uyunso waphunzira khosi limodzi, langali, ndipo taona, alichotsa. Tsopano ndikulowa m'madzi, ndipo wa m'madzi salonjeza za mawa. Ndiphunzitsa iweyo."

"Ine, Ada? Ine wa Fomu 3?"

"Wa Fomu 3 wandiposa ndi chiyani, kapena ndakuposa ndi chiyani? Khosi uli nalo. Ndipo la mayi wa mwana sanayambe kulifunsa laisensi." Anamwetulira pang'ono, koma maso awo sanamwetulire nawo. "Madamu a ku Dedza ajanso ukawauze. Akafuna, azibwera Loweruka. M'kalasi mwawo ine sindilowa, koma mchenga ndi wa aliyense."

Anapisa m'thumba la kabudula, natulutsa nthenga ija itapindika pakati, namupatsa.

"Uzibwera naye m'mawa uliwonse, mabwato akamakocheza, asanapite kusukulu. Ndikakhala ndabwera, tiphunzira. Ndikakhala sindinabwere, upitiriza wekha."

Idesi anaifumbata nthengayo.

"Khala apa," anatero Asambizi. "Tenga chala chake, uchiike pambali pa mphuno yako. Tseka milomo, utulutse liwu osatsegula. Usafulumire. Tiyambira pa kukuitana iweyo."

Idesi anatenga kachala ka mwana wake, nakaika pamphuno pake, natseka milomo. Watipaso anamuyang'anitsitsa, tsinya lili pachipumi, akufunafuna. Ada Mhone anawaonerera pang'ono, nakonza chigongono cha mwanayo kuti chikwere. Kenaka anatembenukira kubwato, natola lata lachiwiri, nayamba kuliyeza pamng'alu wotsalawo.